Karl Landsteiner, dokotala amene adatulukira magulu a magazi

Anzanga, mayi akataya magazi ambiri pobereka, kapena mwana akayera m'maso ndi m'zikhatho chifukwa cha malungo, achipatala amati pakufunika kumuwonjezera magazi. Komatu sangotenga magazi a wina aliyense n'kuthira. Amayamba ayeza kaye kuti wodwalayo ndi wa gulu liti: A, B, AB kapena O. Nthawi zina magazi a mchimwene wake weniweni, wobadwa naye bere limodzi, amapezeka kuti sakugwirizana ndi ake, pomwe a munthu wachilendo amene sadadyepo naye nsima akugwirizana bwinobwino. Nanga si timati abale ndi magazi amodzi? Amene adayamba kumasula mfundo imeneyi ndi dokotala wina wa ku Austria, dzina lake Karl Landsteiner. Mbiri yake ndi iyi.

Ubwana ndi maphunziro

Karl adabadwa pa 14 Juni 1868 m'dera la Vienna, likulu la dziko la Austria. Bambo ake, a Leopold Landsteiner, adali mtolankhani wodziwika mumzindamo, koma adamwalira Karl ali ndi zaka 6 zokha. Adaleredwa ndi mayi ake, a Fanny, ndipo awiriwa adali okondana kwambiri mpaka imfa ya mayiwo mu 1908. Banjali lidali la Chiyuda, koma mu 1890 Karl ndi mayi ake adalowa mpingo wa Katolika.

Adalowa sukulu ya udokotala pa yunivesite ya Vienna ali ndi zaka 17, ndipo adamaliza mu 1891. M'malo mothamangira kukatsegula chipatala chake kuti ayambe kupanga ndalama, iye adapita kukaphunzira kemisitiri ku Zurich, ku Würzburg ndi ku Munich. Ku Würzburg adaphunzira pansi pa Emil Fischer, katswiri amene panthawiyo ankafufuza mmene mitundu yosiyanasiyana ya shuga idapangidwira, ndipo adadzalandira mphoto ya Nobel mu 1902. Mawu akuti shuga muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Atabwerera ku Vienna, a Landsteiner adagwira ntchito yopima mitembo pofuna kudziwa chimene chapha munthu. Pa zaka khumi adapima mitembo yoposa 3,000. Ndi ntchito imene ambirife tikhoza kuithawa, koma ndi imene idawaphunzitsa kuyang'anitsitsa chinthu asadanene kanthu.

Mmene zinthu zidalili kale

Nzeru yothira munthu magazi ndi yakalekale. Mu 1667 dokotala wina wa ku France, Jean-Baptiste Denis, adathira magazi a mwana wa nkhosa mwa mnyamata wa zaka pafupifupi 15, msinkhu wathu womwewu. Mnyamatayo adapulumuka, makamaka poti magazi amene adalowa adali ochepa. Munthu wina amene adathiridwa magazi a mwana wa ng'ombe adamwalira, nkhani idafika kubwalo la milandu, ndipo mchitidwewu udaletsedwa.

Kuyambira mu 1818, dokotala wa azimayi wa ku London, James Blundell, adayamba kuthira magazi a munthu mwa munthu mnzake. Chidamukhudza n'kuona amayi akufa chifukwa chotaya magazi pobereka. Ena adachira, ena adamwalira. Zaka zambiri zidapita zinthu zili choncho. Wodwala wina akalandira magazi amatsitsimuka, wina akalandira amayamba kunjenjemera, kutentha thupi, kumva kupweteka msana, kukodza mkodzo wakuda, kenako basi wapita. Zidali ngati juga. Madokotala ambiri adafika pongosiyiratu, poti palibe ankadziwa chimene chikusiyanitsa wochira ndi wakufa.

Zimene adachita mu 1901

Magazi ali ndi mbali ziwiri zikuluzikulu: maselo, amene ambiri mwa iwo ndi ofiira aja, ndi madzi achikasu amene maselowo amayandamamo. Magazi akaundana, madzi otsala pamwamba amatchedwa seramu. Madokotala ena adali ataonapo kuti seramu ya munthu mmodzi ikakumana ndi maselo ofiira a munthu wina, nthawi zina maselowo amamatana n'kupanga timibulu, ngati phala losavundula bwino. Ambiri ankaganiza kuti ndi matenda amene amachititsa zimenezi.

A Landsteiner adadzifunsa kuti, nanga zitamachitikanso mwa anthu abwinobwino? Adatenga magazi awo omwe ndi a anzawo asanu a mulabotale, onse osadwala. Adalekanitsa maselo ndi seramu, kenako n'kumasakaniza seramu ya aliyense ndi maselo a aliyense, mmodzimmodzi, uku akulemba zotsatira m'tebulo. Adabwerezanso ndi anthu ena. Apa adaona zinthu ziwiri. Choyamba, seramu ya munthu siimatitsa maselo a mwiniwakeyo. Chachiwiri, kumatana kwa magazi a anthu osiyana sikungochitika mwachisawawa ayi, kumatsata dongosolo. Anthu onse amene adawayeza adagwera m'magulu atatu, ndipo adawatcha A, B ndi C. Gulu la C ndi limene pambuyo pake lidadzatchedwa O. Adasindikiza zimenezi mu 1901 ali ndi zaka 33. Chaka chotsatira, Alfred von Decastello ndi Adriano Sturli adapeza gulu lachinayi, lomwe lero timati AB.

Dongosolo lake ndi ili. Pamwamba pa maselo ofiira pamakhala chizindikiro. Wa gulu la A ali ndi chizindikiro cha A, wa B ali ndi cha B, wa AB ali nazo zonse ziwiri, pomwe wa O alibe chilichonse mwa ziwirizi. M'madzi a magazi muja mumakhala asilikali a chitetezo cha m'thupi, aja timawatcha ma antibody mu Biology, amene amagwira chizindikiro chimene mwini thupilo alibe. Wa A ali ndi asilikali ogwira B. Wa B ali ndi ogwira A. Wa O ali ndi ogwira zonse ziwiri. Wa AB alibe onse. Ndiye tayerekezani kuti munthu wa gulu la O wathiridwa magazi a A. Asilikali ake amagwira maselo alendowo, kuwamatitsa ndi kuwaswa. Zotuluka m'maselo oswekawo zimawononga impso, ndipo n'chifukwa chake mkodzo umada. Chimene chinkapha odwala aja n'chimenechi.

Anthu sadachilandire msanga

Mwina mukuganiza kuti m'mawa mwake dziko lonse lidawaombera m'manja. Ayi ndithu. Padapita zaka anthu ambiri asakulabadira. Mu 1907 mpamene dokotala wachinyamata wa ku New York, Reuben Ottenberg, adayamba kuyeza magazi a wopereka ndi a wolandira asadathire. Padalinso vuto lina lakuti magazi akangotuluka m'thupi amaundana, choncho wopereka ankayenera kugona pambali pa wodwala. Mu 1914 ndi 1915 madokotala ena adapeza kuti mankhwala otchedwa sodium citrate amaletsa kuundanako. Zinthu ziwirizi zitakumana, kudziwa gulu ndi kusunga magazi m'botolo, asilikali ambiri ovulala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse adapulumuka.

Podikira zonsezi a Landsteiner sadakhale manja lende. Mu 1908, limodzi ndi Erwin Popper, adatenga kachidutswa ka fupa la msana, makamaka minyewa ya m'kati mwake, ka mnyamata amene adafa ndi poliyo, n'kubaya madzi ake mwa anyani. Anyaniwo adadwala nthenda yomweyo. Poti sadapezemo bakiteriya aliyense, adaona kuti choyambitsa poliyo chiyenera kukhala kachilombo kochepetsetsa kwambiri, vayirasi. Apa mpamene padayambira ulendo wautali umene udadzatifikitsa pa katemera wa madontho amene azing'ono athu amalandira kusikelo.

Kuchoka kwawo

Mu 1916 adakwatira Helene Wlasto, ndipo mu 1917 adabereka mwana wawo mmodzi yekha, Ernst. Nkhondo itatha mu 1918, ku Vienna kudagwa umphawi wadzaoneni. Chakudya chidasowa, malasha otenthetsera nyumba nthawi yozizira adasowa, ndalama idatha mphamvu. Ntchito yofufuza sikadatheka. Mu 1919 banjali lidasamukira ku The Hague m'dziko la Netherlands, komwe a Landsteiner adagwira ntchito pa kachipatala kakang'ono ka Katolika, kuyeza magazi ndi mikodzo ya odwala tsiku ndi tsiku. Tangoganizani, munthu amene adatulukira magulu a magazi, wazaka zoposa 50, akuyambiranso pansi m'dziko la eni.

Mu 1922 adaitanidwa kukagwira ntchito ku Rockefeller Institute mumzinda wa New York ku America, ndipo kumeneko ndi kumene adakhala moyo wawo wonse wotsala. Mu 1927, limodzi ndi Philip Levine, adapeza zizindikiro zina za pa maselo ofiira zotchedwa M, N ndi P. Mu 1929 adakhala nzika ya America. Mu 1930 adalandira mphoto ya Nobel chifukwa cha magulu a magazi, patatha zaka 29 chitulukireni. Kuona maso a nkhono n'kudekha ndithu.

Mu 1940, limodzi ndi Alexander Wiener, adalengeza za chizindikiro china chotchedwa Rh. Dzinali lidachokera ku mtundu wa anyani otchedwa rhesus, amene magazi awo adagwiritsidwa ntchito pofufuza. Mukamva wina akuti ine ndine O positive kapena A negative, mawu achiwiriwo akunena za Rh. Kudziwa Rh kudathandiza kumvetsa chifukwa chimene ana ena amabadwira ndi chikasu choopsa kapena kufera m'mimba: mayi wa negative akakhala ndi pakati pa mwana wa positive, thupi la mayiyo likhoza kupanga asilikali amene amadzawononga magazi a mwana wa mimba yotsatira. N'chifukwa chake kuyeza gulu la magazi a mayi woyembekezera ndi chinthu chofunika.

A Landsteiner adali munthu wofatsa, wosakonda kutchuka, wokonda kuimba piyano akakhala kunyumba. Adapuma pantchito mu 1939, koma kulabotale sadasiye kupita. Pa 24 Juni 1943 mtima udawagwira ali mulabotale momwemo, kachubu koyezera kali m'manja. Adamwalira patatha masiku awiri, pa 26 Juni, ali ndi zaka 75. Akazi awo adawatsatira chaka chomwecho.

Tsono chizindikirocho n'chiyani?

Apa ndiye pali nkhani. M'zaka zawo zomaliza a Landsteiner adayesetsa kufufuza kuti chizindikiro cha A ndi cha B chidapangidwa ndi chiyani, koma adamwalira yankho lenileni lisadapezeke. Amene adalipeza ndi Walter Morgan ndi mayi wina, Winifred Watkins, ku Lister Institute mumzinda wa London, komanso Elvin Kabat ku New York, m'zaka za m'ma 1950. Yankho lake ndi shuga.

Musaseke, si shuga wa mu tiyi ayi, komanso sizikukhudzana ndi matenda a shuga. Shuga alipo wa mitundu yambiri, monga glucose, galactose ndi fucose. Thupi limalumikiza timashuga timeneti, kamodzi pambuyo pa kanzake, n'kupanga tizingwe tonga mikanda, tina tokhala ndi nthambi. Tizingwe timeneti timatchedwa ma glycan. Timamangiriridwa ku mapulotini ndi mafuta a pakhungu la selo, moti selo iliyonse m'thupi mwathu idavala mikanda yotere mbali zonse. Chilichonse chofika pa selo, kaya msilikali wa m'thupi kaya kachilombo, chimayamba chakhudza mikandayo.

Morgan ndi Watkins adachita mochenjera. Seramu ya nsomba ina yonga njoka, ya mtundu wa mkunga, imamatitsa maselo a gulu la O. Mu 1952 iwo adayamba kuthira mu seramuyo shuga wa mitundumitundu, umodziumodzi, asadaikemo maselo. Atathira fucose, kumatana kudaleka. Zikutanthauza kuti chimene seramuyo inkagwira pa selo ndi fucose, ndipo itakhuta fucose wothiridwayo idalibenso pogwirira. M'zaka zotsatira adagwiritsa ntchito njira zofanana ndi imeneyi kupeza shuga wa A ndi wa B.

Zidapezeka kuti pafupifupi tonsefe tili ndi chingwe chofanana, chokhala ndi fucose chakumapeto, chomwe chimatchedwa H. Wa gulu la O chingwe chake chimathera pomwepo. Wa gulu la B amawonjezera mkanda umodzi, galactose. Wa gulu la A amawonjezeranso umodzi, N-acetylgalactosamine, dzina lalitali koma ndi galactose yemweyo atasinthidwa pang'ono pakona imodzi. Wa AB ali ndi zingwe zina zothera ndi uyu, zina zothera ndi uyo. Basi, kusiyana konse n'kumeneko. Kashuga kamodzi kunsonga kwa chingwe, kosaoneka ngakhale pa maikulosikopu ya kusukulu, ndi kamene kankapha kapena kuchiritsa odwala a James Blundell aja. Rh yokha ndiye ndi pulotini, si shuga.

Amene amamangirira mkanda womalizawo ndi enzyme, ndipo malangizo opangira enzyme imeneyo timatengera kwa makolo, mbali imodzi kwa bambo, ina kwa mayi. Jini yake idadziwika bwino mu 1990 kudzera mu ntchito ya Fumiichiro Yamamoto ndi anzake. Mwa anthu a gulu la O, enzyme ija siigwira ntchito, ndiye palibe chowonjezereka. Kudya mizimbe kapena kumwa thobwa lotsekemera sikungasinthe gulu la munthu.

Apa mpamene funso la abale lija likuyankhidwa. Bambo wa gulu la A akhoza kukhala atabisa O m'kati, mayi wa gulu la B chimodzimodzi. Ana a banja limeneli wina akhoza kukhala A, wina B, wina AB, wina O, onse a bambo mmodzi ndi mayi mmodzi. Choncho mwana akasiyana gulu ndi bambo ake, pachokha si chifukwa choyambitsira mkangano pakhomo.

Shuga ameneyu ndi matenda

Mikanda ija imakhudzanso mmene matenda ena amatigwirira. Kachilombo ka malungo oopsa, Plasmodium falciparum, kakalowa mu selo yofiira kamaipangitsa kumata maselo ena abwinobwino mozungulira. Timibulu timeneti timatseka timitsempha ting'onoting'ono, ngakhale ta mu ubongo. Kumatanaku kumakhala kolimba pa maselo a A ndi B kusiyana ndi a O. Kafukufuku wa ana a ku Mali amene adasindikizidwa mu 2007 ndi Alexandra Rowe ndi anzake adaonetsa kuti ana a gulu la O sagwidwa malungo oopsa kawirikawiri ngati anzawo. Koma a O musanyade msanga. Malungo amakugwiranibe, neti ndi yofunika kwa aliyense, komanso pa kolera zimatembenuka: a gulu la O ndi amene amadwalika kwambiri akaitenga.

Ma glycan ena, osakhala a magulu a magazi, alinso ndi ntchito zawo. Vayirasi ya chimfine cha fuluwenza imagwira shuga wotchedwa sialic acid pa maselo a kukhosi ndi m'mapapo kuti ilowe. Ngakhale asilikali a m'thupi aja adavala mikanda yawo, ndipo munthu akamakalamba galactose wa pa mikanda imeneyo amanka nachepa. Akatswiri akufufuza mmene kusinthaku kumagwirizanirana ndi matenda a ukalamba.

Zikutikhudza bwanji kuno?

Tsiku lokumbukira opereka magazi pa dziko lonse limakhala pa 14 Juni, tsiku lobadwa a Landsteiner. Kuno kwathu bungwe la Malawi Blood Transfusion Service lidakhazikitsidwa mu 2003, ndipo magazi ambiri amene limatolera amachokera kwa ophunzira a m'masukulu ndi m'makoleji. N'chifukwa chake m'nyengo ya holide magazi amachepa m'zipatala. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo popereka amachotsa ochepera theka la lita, omwe thupi limabwezeretsa lokha. Magaziwo amayezedwa gulu, komanso HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi, asadapite kwa wodwala. Palibe fakitale imene imapanga magazi. Akasowa opereka, mayi uja wataya magazi pobereka ndi mwana uja wayera m'maso alibe kolowera.

M'midzi mwathu nkhani ya magazi anthu ambiri amaiopa, mpaka ena amaiphatikiza ndi mphekesera za anamapopa. Enanso amakhulupirira kuti ukalandira magazi a munthu umatengera khalidwe lake. Zimene a Landsteiner adapeza zikutiuza zina. Magulu anayi aja amapezeka mwa anthu a mitundu yonse. Mchewa wa gulu la A amagwirizana magazi ndi Mtumbuka, Myao, Mlomwe, Mmwenye kapena Mzungu wa gulu la A, bola Rh ndi kuyeza kwa achipatala kwavomereza. Thupi silifunsa mfunda, chipembedzo kapena boma lochokera, limangoyang'ana chizindikiro cha pa selo. A Landsteiner, amene adabadwira m'banja la Chiyuda, adamwalira panthawi imene chipani cha Nazi chinkapha Ayuda a ku Europe, kuphatikizapo a kwawo ku Austria, ponena kuti magazi a mtundu wina ndi apamwamba kuposa a wina. Tebulo lawo la 1901 lija lidali litaonetsa kale kuti magazi sagawika motero.

Ndiye anzanga, a magazi akadzafika pasukulu pano, amene zaka zanu zakwana ndipo muli ndi thanzi musathawire kuseri kwa zimbudzi. Mvetserani zimene akunena, funsani mafunso, kambiranani ndi makolo kunyumba. Mukapereka, funsani gulu lanu n'kulilemba kuchikuto cha buku lanu la kuchipatala. Amene zaka sizidakwane, yambani mwafotokozera a kunyumba kuti gulu la magazi n'chiyani, kuti tsiku limene m'bale adzafune magazi pasadzakhale wothawa.